Kudzipereka pa masiku amene mjigo sunafe

Tsiku limene mjigo wafa, anthu ofuna kuthandiza sasowa. Amabwera okha, osaitanidwa. Wina wanyamula sipanala, wina akulangiza manja ali m'thumba, anyamata akulimbirana kugwira zitsulo, amayi azungulira ndi ndowa zopanda kanthu. Aliyense amene anakhalako m'tauni yaing'ono yakumudzi anaziona zimenezi, kaya ndi pa mjigo, pa mlatho wokokoloka kapena pa denga la sukulu losasuka ndi mphepo. Pa ngozi anthu amakhala abwino mtima zedi. Ine ndikufuna kukamba za masiku enawo, pamene madzi akutuluka bwinobwino ndipo palibe amene akuona chifukwa chosiyira ntchito zake n'kukakhala pa msonkhano.

Ndinalowa m'komiti ya mjigo wa m'dera lathu chifukwa choti ndimalemba zowerengeka, basi. Pa msonkhano wosankha, mayi wina anangondiloza n'kunena kuti, "Awo ali ndi dzanja labwino, akhale alembi." Anthu anawomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Maudindo ambiri m'malo ang'onoang'ono amagwera anthu chonchi, ndipo ngati nanunso munagwidwa m'njira yomweyi, mwina zomwe ndinaonazi zikupeputsiraniko katundu.

Komiti imene tinalowa m'malo mwake sinali ya anthu oipa. Inangozilala. Wapampando anasamuka, msungichuma anadwala nthawi yaitali, ndipo zonse zokhudza mjigowo zinali m'mitu ya anthu awiriwa. Panalibe buku. Palibe amene ankadziwa kuti labala ya pansi inasinthidwa liti, kapena kuti mabanja otunga pamenepo ndi angati. Mjigo utafa unakhala miyezi, anthu akutunga kudambo, kufikira pamene onse anatopa n'kusonkha mokwiya.

Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, umene uli m'maiko ambiri a mu Africa. Mmisiri amene anatiphunzitsa, bambo wachikulire wosachulutsa mawu, anayamba n'kutifotokozera chifukwa chimene unapangidwira momwe uliri. Bungwe la United Nations linapatula zaka za 1981 mpaka 1990 kuti zikhale za madzi akumwa ndi ukhondo, ndipo mijigo inakumbidwa yambirimbiri. Vuto linaoneka msanga: yambiri ikafa inkadikira amisiri ochokera kutali, obwera pa galimoto ndi zida zolemera. Mtundu wa India Mark II, umene unayamba kufala m'zaka za m'ma 1970, ndi wolimba ndithu, koma kuti ufike pa silinda, chipangizo cha pansi chopopa madzi, uyenera kuzula mapaipi onse. Opanga Afridev anafuna zosiyana. Mapaipi azikhala momwemo, koma tizipangizo totha msanga tizikokedwa kudzera m'kati mwa mapaipiwo ndi manja a anthu wamba, pogwiritsa ntchito sipanala ndi kachitsulo kokolera.

Pamenepa m'pamene ndinamvetsa udindo wathu. Makinawa anawapanga akudalira kuti pafupi nawo padzakhala anthu ongodzipereka. Komiti ili ngati chimodzi mwa zipangizo za mjigowo; ikachoka, zotsalazo zimangodikira tsiku lakufa.

Zomwe zimatha msanga ndi zazing'ono moti zonse zikhoza kulowa m'thumba la malaya. Pali kalabala kotchedwa U-seal kamene kamakweza madzi, timabobini tiwiri toletsa madzi kubwerera pansi, kalabala kozungulira kotchedwa O-ring ka pa futivavu (chotsekera madzi cha pansi penipeni), ndi mabushi a pulasitiki pamene mkono wa mjigo umatembenukira. Mabushi akatha, mkono umayamba kugwedera uku ndi uku, kenako chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake. Apa zotchipa zija zawononga zodula. Ambiri mwa ife tinali titaumvapo mjigo ukulira kwii-kwii kwa miyezi, tikumangoti ndi mmene umalirira. Mmisiri uja anangopukusa mutu. "Amayi ndi abambo," anatero, "mjigo sufa mwadzidzidzi. Umayamba wadandaula kaye."

Anatisiyira mayeso awiri amene mwana wa pulayimale akhoza kuchita. Oyamba: tchera ndowa, upope ka 40 m'mphindi imodzi, kukweza ndi kutsitsa mkono mpaka kumapeto. Mjigo wabwino umapereka malita pafupifupi 16 kapena kuposerapo. Akayamba kuchepa mwezi ndi mwezi, U-seal ikutha. Achiwiri: mjigo ukapuma theka la ola, werenga kuti upopa kangati madzi asanatuluke. Zikapitirira ka 5, penapake pakudontha, kawirikawiri pa futivavu kapena pa paipi. Tinayamba kuchita zimenezi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ine n'kumalemba manambala m'buku. Ntchito yake sitenga ngakhale ola, ndipo palibe amene amakuwombera m'manja. Anthu odutsa ankatiseka poyamba kuti tikuyeza wodwala amene sakudwala. Koma manambala aja atatsika miyezi ingapo motsatizana, tinasintha labala m'mawa umodzi, dzuwa lisanatenthe, ndipo ambiri sanadziwe n'komwe kuti mjigo unatsegulidwa.

Ndiye vuto la ntchito imeneyi lili pomwepo: ikayenda bwino, sioneka. Munthu amene sanagonepo ndi ludzu chaka chonse amayamba kufunsa kuti chopereka cha mwezi ndi mwezi n'chachiyani.

Za ndalama ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa makomiti ambiri amafera pamenepa. Ine ndinkaganiza kuti anthu amakana kupereka chifukwa cha umphawi kapena kuumira. Zina n'zoona, koma chachikulu chinatuluka m'kamwa mwa agogo ena amene anandiimitsa pa njira. "Mwana wanga," anatero, "ndalama zanga za mwezi watha zinakagona kuti?" Sanali kundinena kuti ndine wakuba. Ankangofuna kudziwa, ndipo anali ndi ufulu wonse. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Kuchokera pamenepo tinasiya kuwerengera ndalama m'kalasi momwe munkabwera anthu a komiti okhaokha. Tinayamba kuwerenga buku mokweza pa mjigo penipeni, nthawi imene pali mzere: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti. Tikagula chipangizo, tinkaonetsa risiti pamodzi ndi chakale chimene tachotsa. Kalabala kong'ambika kakayenda m'manja mwa anthu, kamafotokoza bwino kuposa mlembi aliyense. Tinali ndi kachitini kosungiramo zakuthazo, ndipo mpaka pano kalipo.

Chinthu chachiwiri tinabwereka kwa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene njira yawo inayambira ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE. Iwo amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limatsegulidwa onse akuona. Ena ankaganiza kuti kuchita zimenezi n'kunyoza msungichuma. Koma amene anasangalala kwambiri anali msungichuma yemweyo. M'tauni yaing'ono, wobwera usiku kudzapempha ngongole si mlendo. Ndi mlamu wako, ndi mwana wa achemwali ako, mwana wake ali kuchipatala. Umukana bwanji akudziwa kuti ndalama za mjigo zili m'nyumba mwako? Maloko atatu aja anamupatsa yankho losadanitsa: "Pepani alamu, makiyi enawo ali ndi anzanga." Lamulo limeneli linamuteteza iye kuposa mmene linatetezera ndalamazo.

Chachitatu, sitinkalola ndalama kukhalitsa m'bokosi. Zikakwana kugula zipangizo zotha msanga zija, tinkagula n'kusunga. Mitengo ya zinthu imakwera, ndalama yosungidwa imachepa mphamvu, koma bobini ali m'pepala lake amakhala bobini yemweyo. Ndiponso palibe amene amabwera kudzabwereka bobini.

Nanga osapereka? Apa tinakangana kwambiri. Ena ankafuna unyolo ndi loko, wosapereka asatunge. Ine ndinali kumbali yokana, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Ukamuletsa mayi kutunga, amene amapita kudambo ndi mwana wake, ndipo matenda amene akatenge kumeneko safunsa kuti ndani anapereka. Tinagwirizana zoti okalamba okhala okha ndi odwala asamapereke, ndipo maina awo anavomerezedwa pa msonkhano wa onse kuti pasakhale manong'onong'o. Amene alibe ndalama mwezi umenewo ankapereka ntchito: kusesa, kukonza mpanda, kutapa matope m'ngalande. Amene ali nazo koma akungozemba, poyamba ankakumbutsidwa mwakachetechete ndi munthu mmodzi, kenako ndi awiri, ndipo dzina linkatchulidwa pagulu pokhapokha zonsezi zikalephera. Ochepa kwambiri ankafika pamenepo, chifukwa m'malo amene aliyense amadziwa mnzake manyazi amaluma kuposa chindapusa.

Aphunzitsi ena opuma pa ntchito amene anali nafe m'komiti anatiuza kuti zomwe tinapeza movutikirazi zinafufuzidwa kale ndi Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma, mu 2009. Iye anaphunzira mmene anthu wamba amasamalira zinthu za onse monga ngalande zothirira, nkhalango ndi malo odyetsera ziweto, m'maiko ngati Nepal, Spain ndi Switzerland. Anapeza kuti zimakhalitsa pamene malamulo apangidwa ndi ogwiritsa ntchito eni ake, oyang'anira akuyankha kwa anthuwo, ndipo chilango chikuyamba chaching'ono n'kumakula pang'onopang'ono. Tinaseka kuti ndiye mphotoyo tigawane.

Pali chinthu china chimene chimapha kudzipereka mwaulemu kwambiri, ndicho alawansi. Nthawi ina kunabwera maphunziro a masiku ochepa okonzedwa ndi anthu akunja kwa dera, ndipo opitako analandira kangachepe. Zinali zabwino, ndipo tinaphunzirako zenizeni. Koma pa msonkhano wotsatira, funso loyamba la ena linali lakuti, "Lero kuli kanthu?" Amene sanasankhidwe kupita anakhumudwa, ena n'kusiya kubwera. Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa: wodzipereka asalipidwe chifukwa chokhala pa msonkhano, koma asalowetsenso ndalama zake. Wotumidwa kukagula zipangizo abwezeredwe ya ulendo, ilembedwe m'buku, iwerengedwe pagulu. Ndipo mwayi wopita ku maphunziro uziyenda mosinthana, osati wapampando ndi mlembi nthawi zonse. Ndikunena izi ine amene ndinali mlembi, amene dzina langa linkatchulidwa koyamba kalata iliyonse ikabwera.

Misonkhano tinaifupikitsa. Ola limodzi, nkhani zitatu, kenako aliyense kwawo. Tinasinthanso nthawi yake titaona kuti amayi, amene ndiwo amatunga tsiku ndi tsiku, sankatha kubwera pa nthawi imene abambo anasankha. Amayiwa ndi amene amayamba kumva kuti mkono walemera, kuti madzi akuchedwa, kuti kakomedwe kasintha. Awiri mwa iwo ataphunzira kutsegula mjigo ndi kukoka zitsulo, nkhani yodikira bambo wakuti abwere kaye kuchokera ku ulendo inatha. Panali abambo ena amene sanakondwe kuona mayi atagwira sipanala. Madzi atatuluka anakhala chete, ena n'kutunga nawo.

Phindu la zonsezi ndinaliona bwino nyengo ina ya mvula pamene kolera inamveka m'madera oyandikana nafe. A zaumoyo atafika, sanayambe n'kufunafuna anthu oti awathandize. Anapeza gulu lokumana kale, lokhala ndi kaundula wa mabanja onse otunga pa mjigo, lodziwa nyumba imene muli khanda ndi imene muli nkhalamba yokhala yokha. Tsiku lomwelo tinagawana nyumba. Pa mjigo panakhala munthu wothira kuloleni m'ndowa monga anatiphunzitsira, akukumbutsa aliyense kudikira mphindi 30 asanamwe. Tinaphunzitsa makolo kupanga madzi a shuga ndi mchere ngati mapaketi a ORS palibe: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni ang'onoang'ono 6 osadzaza mosefukira a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, wodwala azimwa ali pa ulendo wopita kuchipatala, osati m'malo mwa ulendowo.

Mlangizi wa zaumoyo anatikumbutsa kuti nkhani ya kolera ndi mjigo ndi yakale. Mu 1854 ku London, dokotala John Snow anatsata nyumba za omwalira n'kupeza kuti ambiri ankamwa madzi a pampu ya mu Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa mkono wa pampuyo. Pambuyo pake zinadziwika kuti chitsimecho chinali pafupi kwambiri ndi dzenje la zonyansa. N'chifukwa chake amalangiza kuti chimbudzi chitalikire mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo. Tinayeza ndi chingwe, ndipo tinapeza kuti banja lina linali litayamba kukumba dzenje pafupi kwambiri. Kukawauza kuti asiye inali ntchito yovuta kuposa kukoka zitsulo zonse za mjigo. Tinatuma mayi wachikulire amene banjalo limamulemekeza, ndipo anyamata anadzipereka kukumba dzenje lina pamalo oyenera. Anthu sauzidwa kuti "siyani" chimanjamanja. Upite ndi khasu.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti madzi akhoza kutuluka oyera pa mjigo n'kukaipira m'njira kapena m'nyumba: ndowa yosatsuka, masamba oika pamwamba kuti asatayike, kapu imodzi yotungira ndi kumwera. Tinaika sopo ndi malo otsukira ndowa pambali, kutali ndi potungira. Sopoyo ankasowa kawirikawiri, osanama, mpaka tinamumangirira pa chingwe.

Gulu likazolowera kukumana, ntchito zina zimalipeza lokha. Kamlatho ka matabwa kopita kusukulu katathyoka, anthu anabwera kwa ife, ngakhale kuti si za madzi. Anyamata a mpira atafuna kusalaza bwalo, anabwereka njira yathu ya buku ndi bokosi. Koma apa ndichenjeze. Tauni yaing'ono ikazindikira kuti wakuti sakana, imamusenzetsa zonse. Umapezeka uli mlembi wa mjigo, wa sukulu, wa chitetezo, wa mpira, anthu akugogoda pakhomo usiku pa nkhani zoti zikanadikira m'mawa, kwinaku munda wako uli thengo. Ndaona anthu abwino akutopa mpaka kudana ndi ntchito imene ankaikonda, ndipo akasiya amasiya zonse tsiku limodzi. Ine ndinaphunzira kuyankha kuti, "Sinditha, koma ndikudziwa amene angathe, ndipo mwezi woyamba ndikhala naye." Yankho limeneli linatulutsa alembi ena angapo amene palibe ankawaganizira.

Zina zomwe tinayesa sizinapite patali. Chaka china tinakonza mwambo pa 5 December, tsiku limene United Nations inakhazikitsa mu 1985 lokumbukira anthu ongodzipereka. Kunabwera khamu, kunali zoyankhula ndi masewero, ambiri analembetsa maina. Loweruka lotsatira loyeza mjigo tinapezeka anthu omwe aja a masiku onse. Sindikunena kuti mwambo ndi woipa. Anthu amafunika kuthokozedwa pagulu, ndipo agogo amene ankasesa pa mjigo m'mawa uliwonse analira atamva dzina lawo. Koma mwambo subala antchito. Amene anakhalitsa ndi amene tinawapempha mmodzimmodzi, ntchito yodziwika, ya nthawi yodziwika: "Achimwene, mungatisungireko sipanala ndi kubwera nayo Loweruka loyamba la mwezi?" Munthu amavomera msanga chinthu chimene akuona pothera pake. Gulu la pa WhatsApp nalonso linathandiza a komiti okha. Ambiri otunga analibe mafoni otere, ndipo pepala lomatidwa pa mpanda wa mjigo linkafika kwa anthu ochuluka kuposa uthenga wa pa foni.

Achinyamata tinawaphunzitsa ochulukirapo kuposa amene tinkafuna, podziwa kuti ena adzapita kusukulu zakutali, ena kukafuna ntchito, ena kukakwatiwa kwina. Ena m'komiti ankadandaula kuti tikuphunzitsira madera ena. Mwina n'zoona, koma sindinaonepo choipa pamenepo. Chofunika n'chakuti usawapatse ntchito yonyamula mipando yokha. Mnyamata ukamupatsa buku kuti alembe yekha manambala, kapena ukamusiya alowetse yekha futivavu iwe uli pambali, amabweranso mwezi wamawa.

Pa malamulo athu tinalembamo kuti udindo ndi wa zaka 2, ndipo posintha asamachoke onse nthawi imodzi; theka litsale kuti liphunzitse atsopano. Nthawi yanga itakwana ena anandipempha kuti ndipitirize, poti zinthu zikuyenda. Ndinakana, chifukwa ndinkakumbukira mmene komiti yakale inathera, zonse zili m'mitu ya anthu awiri. Buku ndinalipereka kwa mtsikana wina amene anali atakhala pambali panga miyezi ingapo. Muli maina a mabanja, manambala a mayeso a mwezi uliwonse, tsiku limene chipangizo chilichonse chinasinthidwa, chiwerengero cha zitsulo zolowa pansi, ndi kumene mmisiri amapezeka pa zovuta zoposa ife monga paipi yong'ambika. Amalemba mosiyana ndi ine, ndipo anawonjezera tsamba la madandaulo limene ine sindinaliganizire. Ine tsopano ndili pa ndandanda ya osesa, Lachitatu.

Mavuto sanathe. Mjigo wa mtundu umenewu amauwerengera anthu pafupifupi 250 mpaka 300, ndipo ife tinapitirira kalekale. Mzere umayamba kusanache, zipangizo zikutha msanga kuposa kale, ndipo konkire ya pansi yayamba kung'aluka moti madzi otayika akhoza kumalowa pansi pafupi ndi chitsime. Komiti yatsopano yagawikana: ena akufuna ndalama zonse zisungidwe kuti zikhale poyambira popempha mjigo wachiwiri, ena akuti tikonze kaye konkire mvula isanabwere. Pa msonkhano wa onse ndidzaimika dzanja kumbali ya konkire, ngakhale ndikudziwa kuti amayi a kumapeto kwa mzere sadzandikondera.